Chaka Chimene a Bitoni Anasanduka Ndiwo za Mfumu

Ku ufumu wa Dziwamalo munthu samufunsa kuti ndiwe yani kapena umagwira ntchito yanji. Amangoona pamene waima. Wakutsogolo ndiye wamkulu, wapakati ndi wamkuluko pang'ono, wakumbuyo ndi wonyamula mipando. Ngakhale pamaliro kulira kumayambira kutsogolo, ndipo ukalira nthawi yako isanakwane amakuuza kuti ubwereze. Zimenezi zili ndi unduna wake, Unduna wa Mipando ndi Mizere. Nduna yake inali a Sunthaniko, bambo wamfupi wa mimba ya boma, amene ntchito yawo kuyambira ali mnyamata inali youza anthu kuti asunthe pang'ono.

Mfumu ya dzikoli inali Sindilakwa Wachiwiri. Wachiwiri dzina lokha, chifukwa pamzere anali woyamba. Chaka china mfumuyi inagula kompyuta kunja, n'kulamula kuti kompyutayo ikalankhula ndiye kuti yalankhula ndi Mfumu. Ndiye poti Mfumu silakwa, kompyuta nayo inasiya kulakwa tsiku lomwelo.

Woyendetsa kompyutayo anali a Jelasi Kamwendo, munthu wophunzira zedi koma wamantha, woti akagunda chitseko ankachipepesa. Mu pulogalamu yawo munali kagawo kamene akatswiri amati fankishoni, kamene umakapatsa zinthu n'kukugwirira ntchito imodzi. Dzina lake linali phwando, ndipo ndi kamene kankagamula za Phwando la Mfumu chaka chilichonse. Kankalandira zinthu zitatu motsatana: choyamba wolemekezedwa, chachiwiri wolankhula, chachitatu ndiwo. Kalibe maso kameneka. Chimene waika poyamba kamachiveka mendulo, chachiwiri kamachipatsa maikolofoni, chachitatu kamachitumiza kwa ophika. Kunena zoona, kanali nzika yabwino kuposa onse ku Dziwamalo.

Zaka zonse zinkayenda bwinobwino. Poyamba ankaika mkulu wina wa asilikali, kenako nduna, kumapeto ng'ombe yolanda kumudzi. Koma chaka chimenechi Mfumu inadzuka ndi mtima wabwino, chinthu chimene anthu a ku Dziwamalo amachiopa kuposa chilala. Inalengeza kuti ilemekeza munthu wamba, a Bitoni, wokhoma zidebe pamsika wa Tingotani, amene anamata ndowa yosambira ya Mfumu n'kusiya kudontha. Inalengezanso kuti ndiwo za paphwando ipereka yokha: tonde wa m'khola lachifumu, wa ndevu mpaka pachifuwa.

A Jelasi analemba: phwando(Bitoni, Sunthaniko, tonde)

A Sunthaniko, amene anaima kumbuyo kwawo, anatsokomola.

"A Kamwendo, mukufuna kutimangitsa? Tonde wa Mfumu aime kumbuyo kwa wokhoma zidebe? Chilichonse cha Mfumu chimayamba, kenako nduna, kenako ena onsewo. Konzani."

"Pepani bwana, koma mukatero..."

"Ndati konzani!"

A Jelasi anapepesa, n'kukonza: phwando(tonde, Sunthaniko, Bitoni)

Kompyuta inayankha mosachedwa, ndipo wolengeza wa boma anapita nazo kumsika ndi chimkuzamawu. Wolemekezedwa: tonde. Wolankhula: a Sunthaniko. Ndiwo: a Bitoni.

Msika wonse unatembenukira kwa a Bitoni. Kenako Nasuluma, mayi wogulitsa usipa, anati, "Komabe boma lawakumbukira. Ife amuna athu amangofa osalengezedwa n'komwe." Wogulitsa nyama anayang'ana a Bitoni kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kupukusa mutu, amvekere, "Apa pali msuzi wokha basi." Asilikali nawo anaona chimodzimodzi, moti anawatenga a Bitoni tsiku lomwelo kuti akawanenepetse kukhola lachifumu, poti phwando linali lisanafike.

Amene sanaseke anali Nagama, mkazi wa a Bitoni, wogulitsa tomato ndi anyezi. Anasiya benchi lake m'manja mwa Nasuluma, anamanga chitenje mwamphamvu, ulendo wa kunyumba yachifumu. Kumeneko anamuuza kuti akhale kumbuyo. Atafika kumbuyoko anamuuza kuti asunthe pang'ono.

Tsiku limenelo kunali msonkhano wa nduna, ndipo a Jelasi, amene chikumbumtima chinali kuwavutitsa, anapempha kulankhula. Anagwada.

"Mfumu yathu, pepani. Mwambo umati kompyuta imafunsidwa kawiri, polengeza ndi m'mawa wa phwando. Ndiye mpata ulipo. Pali njira ina yoperekera zinthu kwa fankishoni. M'malo modalira malo, timalemba dzina la ntchito pambali pa chinthu chilichonse, ndi timizere tiwiri togona tija ta m'masamu pakati pake. Tikatero kompyuta siyang'ananso amene ali kutsogolo, imawerenga dzina la ntchito yake. Tonde akhoza kuyamba ndithu, ulemu wake osachoka."

Analemba pabolodi: phwando(ndiwo=tonde, wolankhula=Sunthaniko, wolemekezedwa=Bitoni)

Abale inu, chisokonezo chake! Nduna ina inagwa pampando. Ina inatseka maso kuti mawa idzathe kulumbira kuti sinaone kanthu. A Sunthaniko anaimirira, ngakhale kusiyana kwake ndi pamene anali chikhalire kunali kochepa.

"Mfumu yathu, mwamva nokha. Munthu uyu akuti wakutsogolo akhoza kudyedwa, wakumbuyo n'kuvala mendulo. Akuti malo alibe ntchito! Nanga dziko lino taliimika pa chiyani? Lero akulemba ntchito pambali pa mbuzi. Mawa adzafuna kulemba ntchito pambali pa aliyense wa ife muno. Tandiuzani anzanga, pambali pa dzina lanu adzalemba kuti chiyani?"

Nduna zinayang'anana. Panali Nduna ya Milatho Imene Ikubwera, Nduna Yoona za Kuombera M'manja, ndi Nduna ya Zina ndi Zina. Mantha anaoneka pankhope zawo zonse.

Mfumu inagamula. Kulemba mawu oti ndiwo pambali pa tonde wachifumu n'kuukira boma. Timizere tiwiri togonato taletsedwa m'dziko lonse. A Jelasi awakhululukira chifukwa palibe wina amene amadziwa poyatsira kompyuta.

Lamulolo linafika kumsika anthu asanadye nkhomaliro. Aphunzitsi a masamu ndi amene anavutika kwambiri. Mphunzitsi ankalemba pabolodi kuti ziwiri kuphatikiza ziwiri, n'kuyang'ana pawindo, n'kuuza ana kuti zotsalazo akafunse makolo awo. Wolemba zikwangwani anamangidwa chifukwa cha njanji imene anaijambula chogona. Nasuluma anayamba kuyala usipa wake utatuutatu, kuopa kuti tiwiri tikagona moyandikana tingamutengetse.

Nagama anapempha kuona mwamuna wake, ndipo anamulola Lachisanu. Anapeza a Bitoni atakhala pa matiresi m'khola, pafupi ndi tonde, akudya mpunga wa nkhuku, chambiko chili pambali. Masaya anali atayamba kutuluka. Khosi lija linkaoneka ngati la botolo linali litapeza mapindo.

"Mayi a Sitela, tabwerani mulaweko," anatero a Bitoni mokondwa. "Kuno amadya katatu. Katatu! Ndiye masana amabweranso kudzafunsa ngati ndakhuta. Chibadwire changa boma silinandifunsepo ngati ndakhuta."

"Bambo a Sitela, mutu wanu ukuyenda? Akufuna kukuphikani anthuwa!"

"Aaa, inunso. Zimenezo zikonzedwa. Boma lingaphike munthu amene lamulemekeza? Wophika wamkulu amabwera m'mawa uliwonse kudzandigwira mkono, munthu waulemu kwabasi."

"Amakutsinani kuti aone mafuta!"

A Bitoni anasiya kutafuna, anayang'ana mkono wawo, kenako anayang'ana ntchafu ya nkhuku ija. Anaimaliza ndithu, koma mosasangalala kwenikweni. Nagama anatuluka misozi ili chuchuchu. Munthu ameneyu anakwatirana naye ali ndi nyundo imodzi ndi buluku limodzi, ndipo ngakhale anali wopusa chotere, analibe wina.

Anapita molunjika ku ofesi ya a Jelasi, amene atamuona anayamba kupepesa asanapereke moni.

"Kupepesa kwanu sindingakhale nako m'nyumba, achimwene," anatero Nagama. "Tandiuzani chinthu chimodzi. Chikompyuta chanucho, mukapanda kuchiuza ndiwo, chimatani? Chimalira?"

A Jelasi anakanda m'mutu, anatsegula pulogalamu, anayang'anitsitsa pamene fankishoni inalembedwa koyambirira.

"Ayi mayi, sichilira. Amene analemba anaikiratu chogwirizira. Ukatchula ndiwo, chimatenga zimene watchulazo. Ukangokhala chete, chimatenga zimene zinaikidwa kale. Apa analemba kuti bonongwe. Chiyenera kuti chinali chaka cha njala."

"Ndiye musawatchule amuna angawo."

"Iii, mayi, ine kuchotsa dzina limene Mfumu inaika? Mfumu yokha ndi imene ingalichotse. Ndipo Mfumu singanene kuti inalakwitsa."

Nagama anamanganso chitenje chake. Anali atakhala ku Dziwamalo moyo wake wonse, ndipo ankadziwa kuti kumeneko chifundo sichitsegula chitseko chilichonse. Ananyamuka osatsanzika.

M'mawa wa phwando bwalo linadzaza. Kutsogolo Mfumu, pambali pake tonde atamusambitsa ndi sopo wonunkhira, kenako nduna motsatana, kumbuyo kwenikweni anthu wamba ataima padzuwa. Kuseri ophika anali atasonkha kale moto pansi pa chimphika chachikulu, anyezi ataduladula. Ena mwa anyeziwo anagula pa benchi la Nagama lomwe. A Bitoni anawaimika pafupi ndi chimphikacho atawadzoza mafuta, ali nyezinyezi, ndipo tsopano nkhani ija anali atayamba kuikhulupirira.

A Jelasi atangokhala pa kompyuta, Nagama anadutsa mizere yonse chokwawa ndi maondo. Asilikali anasokonezeka, chifukwa lamulo limanena za poima ndi pokhala, za wokwawa silinenapo kanthu. Anafika pamapazi a Mfumu n'kuomba m'manja.

"Mfumu yathu, sindinabwere kudzapempha chifundo. Ndabwera kudzadandaula kuti mwanyozedwa."

Mfumu inatukula nsidze. "Ndanyozedwa? Ndi yani?"

"Ndi amene anaika dzina la mwamuna wanga pamzere umodzi ndi tonde wanu. Mfumu yathu, munthu uyu ndimamudziwa ine. Si kanthu. Kwawo ndi anthu osadziwika, ngakhale agalu a m'mudzi mwawo sawauwa. Zaka zonsezi wakhala akupuma utsi wa mtovu ndi kudya madeya. Mafuta mukuwaonawo ndi anu omwe, a masiku ochepa, pansi pake pali dzimbiri lokhalokha. Chinthu chotere chilowe m'mimba yachifumu? Chikakhale m'kati mwa Mfumu, kutsogolo kwa nduna zonse?"

Apa nduna zinadzidzimuka. Palibe anali ataganizapo kuti munthu wamba akadyedwa ndi Mfumu ndiye kuti azikhala kutsogolo pamsonkhano uliwonse.

A Bitoni anamva zonse. Anayang'ana mkazi wawo, ndipo chimphika anachiiwala. Nagama sanawayang'ane. Akanangowayang'ana mawu akanamuthera.

"Ndani anaika munthu wachabechabe ameneyu pamzere wa tonde wanga?" inakalipa Mfumu, imene inamuika yokha. Nduna zonse zinayang'ana a Jelasi, ndipo a Jelasi anapepesa. "Mchotseni! Asatchulidwenso!"

A Jelasi anafufuta msangamsanga. Panatsala: phwando(tonde, Sunthaniko)

A Sunthaniko anasuzumira pa kompyuta, ndipo nkhope yawo inasintha. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, kumbuyo kwawo kunalibe munthu. Anacheuka n'kuona chimphika chikubwadamuka, wophika wamkulu akunola mpeni uku akuyang'ana mimba ya boma ija mwachidwi.

"A Kamwendo," ananong'ona, "wakumapeto si amene amadyedwa kodi?"

"Ayi bwana, inu muli pachiwiri. Pachiwiri ndi pa wolankhula. Palibe vuto."

"Mukutsimikiza? Chikasokonezeka chinthuchi?"

"Sichisokonezeka, bwana. Mwaiwala kuti sichilakwa?"

Thukuta linatsika m'khosi mwa a Sunthaniko. "Lembani ntchito yanga pambali pa dzina langa."

"Bwana, timizere tija munatiletsa."

"Ndati lembani! Mfumu yathu, ndikupempha kuti lamulo lija lisakhudze nduna. Nduna ili ndi ufulu wodziwika kuti si ndiwo!"

Nduna zonse zinaombera m'manja, motsogozedwa ndi nduna yake ya zimenezo. Mfumu inafunsa ngati tonde nayenso afunika kumulemba ntchito. A Jelasi anafotokoza kuti ayi: mu pulogalamu, zopanda dzina la ntchito zimayenera kukhala kutsogolo, zolembedwa ntchito zimabwera pambuyo. Mfumu inasangalala kwambiri kumva kuti ngakhale kunja kumene kunachokera kompyuta amadziwa kuti wakutsogolo safunsidwa ntchito yake.

A Jelasi analemba: phwando(tonde, wolankhula=Sunthaniko)

Anadina batani. Wolengeza anawerenga mokweza. Wolemekezedwa: tonde. Wolankhula: a Sunthaniko. Ndiwo: bonongwe.

Kumbuyo kuja kunamveka nthungululu imodzi, ya Nasuluma, koma anaidula pakati atakumbukira kuti nthawi yake inali isanakwane.

Phwando linachitika ndithu. Tonde anavekedwa mendulo, anadya riboni yake, ndipo pofika madzulo anali atasankhidwa kukhala Nduna ya Zaulimi. A Sunthaniko analankhula mpaka dzuwa kupendeka, mutu wa nkhani yawo unali wakuti aliyense adziwe malo ake. Asilikali anabalalika m'minda kukathyola bonongwe. Nduna zinadya masambawo nkhope zili gwa, zina zinali zisanawalawepo chichokereni kumudzi, ndipo Mfumu inati ndi okoma chifukwa kompyuta inali itanena kale.

A Bitoni anawapukuta mafuta n'kuwatulutsira chipata chakumbuyo. Iwo ndi Nagama anayamba ulendo wa kunyumba. Atafika pa mlatho umene ukubwera uja, pamene anthu amawoloka povula nsapato, anaima.

"Mayi a Sitela, mwati ndine dzimbiri lokhalokha."

"Ndatero."

"Pamaso pa anthu onse. Mwati si kanthu ine."

"Bambo a Sitela, ndikananena kuti ndinu kanthu, pano bwenzi akukutokosani m'mano. Tiyeni, gwirani dzanja langa, pamiyalapa pakuterera."

Anagwira dzanjalo, koma anadandaulabe za mendulo yawo mpaka kunyumba.

Nkhani ikanathera pamenepa bwenzi zili bwino, koma bonongwe uja anawapweteka mtima akuluakulu. Sabata yotsatira nduna zinakumana, tonde ali pampando wake akutafuna pepala la zokambirana, ndipo zinagwirizana kuti manyazi otere asadzachitikenso. A Jelasi analamulidwa kusintha chogwirizira chija. Wolengeza anabwera nazo kumsika wa Tingotani: kuyambira chaka chamawa, ndiwo zikapanda kutchulidwa, kompyuta izitenga munthu wamba aliyense wonenepa.

Anthu anayang'anana. Anayang'ana mikono yawo, nthiti za anzawo, makosi a ana awo, ndipo mitima inakhala pansi. Kenako maso onse, mmodzimmodzi, anatembenukira kumene kunkamveka nyundo. A Bitoni anali chikhalire pakati pa zidebe zawo, masaya ali phwii, malaya osamangika mabatani. M'dziko lonse la Dziwamalo, munthu wamba wonenepa anali mmodzi yekha, ndipo anamunenepetsa ndi boma.

Tomato amene anali m'manja mwa Nagama anagwa pansi. "Mayo ine! Ndiye nditani nawo bambo amenewa? Ndiwamane chakudya? Ndiziwathamangitsa kuzungulira msika?"

Nasuluma anapitiriza kuyala usipa wake utatuutatu, osadzutsa n'komwe mutu.

"Musadzivutitse, asisi. Ingowasiyani akhale ngati nzika. Kuwondetsa munthu ndi ntchito yokhayo imene boma lathu silinalepherepo."

Ndipo silinalephere. Nduna yatsopano ya Zaulimi inayendera minda yonse ya m'dzikomo, ndipo paliponse pamene yayendera sipankatsala tsamba. Pofika nthawi yokolola kunalibe chokolola. Masaya a a Bitoni anabwerera kumene anachokera, mapindo a m'khosi anatha, buluku linayambanso kufuna chingwe.

Tsiku lina m'mawa a Bitoni anavula malaya kuseri kwa nyumba kuti asambe mu ndowa yodontha, poti wokhoma zidebe sakhoma zake. Nagama, akudutsa ndi dengu lopanda kanthu, anaona nthiti za mwamuna wake zonse zili poyera. Anatula dengulo, anayendetsa chala pa nthitizo pang'onopang'ono, ndipo anagwada pansi pomwepo n'kuthokoza Mulungu kuti m'nyumba mwake mwabwerera njala.